Mwezi Wosakhudza Chingwe

Mwamunayo anthu ankamutchula Kangaude, chifukwa ntchito yake inali yolendewera pa chingwe kunja kwa nyumba zosanja, kutsuka magalasi ndi makoma amene enafe timangowaona titakweza khosi. Mkazi wake anthu ankamutchula Nasimbi, poti ankasita zovala pa malo ena ochapira, kuyambira m'mawa mpaka miyendo itatupa. Ankakhala m'zipinda ziwiri kumapeto kwa khonde lalitali, pamodzi ndi kamtsikana kawo ndi mayi ake a Kangaude, gogo amene zala zake zinali zitapindika ndi nyamakazi.

M'mawa uliwonse, Kangaude akamamwa tiyi, Nasimbi ankakhuthula chikwama cha ntchito pansi. Ankayamba watulutsa botolo la mankhwala otsukira makoma, aja oyabwa m'maso, n'kulikunga bwino pakamwa, n'kulimanga m'pulasitiki palokha, n'kuliika m'thumba la kumbali. Kenako ankakhala pa kampando n'kumadutsitsa chingwe chonse m'manja mwake, mkono ndi mkono, maso ali kwina. Zala za munthu wosita sizinama. Zimamva ulusi wosololoka nsalu isanaganize n'komwe zong'ambika. Anamuphunzitsa zimenezi ndi apongozi akewo, amene ankachita zomwezo ndi chingwe cha malemu amuna awo, okumba zitsime, mpaka mkuluyo anamwalira ali gone pa bedi pake, mutu uli mbuu.

Gogoyo, manja atakana ntchito, anatsala ndi pakamwa. Mwana wake akamamanga nsapato ankamulondola mpaka pakhomo. Kuli kamphepo lero, usatsike mbali ya kum'mawa. Mbalame ikakudutsa usaitsate ndi maso. Usadye zambiri masana, tulo ta pa chingwe sadzuka nato. Kangaude ankaseka n'kunena kuti akanakhala amayi ake ndiwo amalengeza zanyengo pa wailesi, dziko lonse bwenzi likugonera pansi pa bedi.

“Khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba,” gogoyo ankatero, n'kutseka chitseko.

Koma mnzake wa mwamuna wako wa ku ntchito uzimuyang'ana bwino, chifukwa amalowa m'nyumba mwako osaodira, atabisala m'kamwa mwa mwamuna wakoyo. Mnzake wa Kangaude anali mkulu wina wamtali, wolongolola, amene anzake anangomupatsa dzina loti Wailesi. Ameneyu ndiye ankatsala pa denga kuyang'anira zingwe, chifukwa Kangaude ankatsika ndi ziwiri, china chomunyamula, china chodikira tsoka. Wailesi anaona pa foni munthu wina wovala suti akuphunzitsa kuti dziko lili ngati woperekera zakudya mu lesitilanti, limakubweretsera chimene waitanitsa. Ukayembekezera zabwino, zabwino. Ukayembekezera zoipa, lidzakubweretsera mbale yodzadza, n'kufunsa ngati ungaonjezere. Ndipo wa sutiyo akuti ankanena kuti musakhulupirire ine, yesani nokha, muyambe ndi tinthu tating'ono.

Kangaude anayesa. Potuluka m'nyumba ankanena mumtima kuti lero ndipeza mpando wa pawindo m'basi, n'kuupezadi. Tsiku lina anati ndiona mayi wa ambulera yachikasu, ndipo asanafike pokwerera basi anaona awiri. Madzulo ankafotokoza zonsezi chakudya chikuzizira m'mbale. Nasimbi anazindikira kuti masiku amene mwamuna wake waima m'basi ulendo wonse sankatchulidwa, kapena ankati tsiku limenelo mtima unali ndi chikaiko. Anangozisunga. Munthu akusangalala sumuthira madzi.

Kenako kunabwera nkhani ya nyumba yagalasi, yaitali kuposa zonse, imene otsuka onse ankaisirira. Kangaude ankaiyang'anitsitsa m'mawa uliwonse basi ikamadutsa, akudziona ali lende pa magalasi akewo. Sipanapite nthawi, eni ake anaitana iye ndi Wailesi kuti ntchito ndi yawo. Tsiku limenelo anabwera atanyamula kamtsikana kake pa phewa kuchokera kumsewu, akuimba.

M'mawa mwake Nasimbi anakoka kampando kake monga mwa masiku onse. Atangogwira zipi ya chikwama, Kangaude anaika kapu pansi.

“Iwe Nasimbi, umafuna chiyani m'chingwemo?”

Anayankha kuti amafuna poduka.

“Eya. Umafuna poduka. Zaka zonsezi m'mawa uliwonse ukuitanitsa poduka. Tsiku lina adzakubweretsera.”

Sanalankhule mokalipa. Analankhula ngati munthu wochonderera wodwala kuti amwe mankhwala. Anati tiyese mwezi umodzi wokha. Chikwama chisakhudzidwe, chingwe chisapapasidwe, ndipo m'nyumba muno musamveke mawu akuti kugwa, kuduka, mphepo, ngozi. Mwezi ukatha iye ali bwinobwino, ndiye kuti si manja amene akhala akumusunga, koma mtima wake. Gogo anati zimenezo ndi zamisala, anthu sayesa kuya kwa chitsime ndi mwana wawo. Kangaude anawagwira phewa n'kuwauza kuti amayi, inuyo ndi amene mumati pakamwa pamaitana, mumakaniza mwanayu kutchula njoka dzuwa litalowa, nanga lero zasiyana pati?

Nasimbi anakana. M'mawa umenewo anachipapasa chingwecho mwamuna wake ataima pakhomo, msana atamulozetsa. Potuluka Kangaude anangomuponyera mawu akuti ngati sukukhulupirira, kayese wekha.

Anakayesadi, ndipo apa ndi pamene panalowera mdima. Poyamba anayesa zabwino. Anadziuza kuti lero abwana andimwetulira, koma abwanawo anadutsa nkhope ili gwaa ngati kale. Anadziuza kuti makina ochapira a pakona sazima, anazima. Anatsala pang'ono kuseka. Koma atayima pa thebulo lake lositira, nthunzi ikumuwomba kumaso, ganizo linamubwerera lakuti mwina mtima wake sudziwa kuitana zabwino chifukwa sunazolowere. Chimene umadziwa ndi mantha. Ndiye ayese ndi mantha omwewo. Pa mulu wa zovala panali shati yoyera yatsopano, ya munthu wa mu ofesi. Nasimbi anali asanapserezepo chovala cha munthu chiyambire ntchito. Anaiika shatiyo pansi pa mulu n'kunena mumtima kuti iyi ndiipsereza. M'mawa wonse, akusita mathalauza ndi madilesi, ankaona chipsera chofiirira pa kolala, chooneka ngati mphuno ya simbi. Itafika nthawi ya shatiyo dzanja linali thukuta lokhalokha. Anaika simbi pa kolala mosamala kuposa masiku onse. Mayi wopinda zovala anamufunsa kanthu kumbuyo, iye n'kutembenuka pang'ono chabe. Atabweza maso, chipsera chinali pomwepo, pamalo pomwe ankachiona.

Wina anganene kuti dzanja lonjenjemera limapsereza, palibe chodabwitsa. Koma wonenayo sanali m'chifuwa cha Nasimbi. Abwana anamukalipira pamaso pa anzake, iye osamva n'komwe. Ankangoganiza za m'mawa uliwonse umene anakhala pa kampando kaja, zala zikufunafuna poduka, m'mutu akuona mwamuna wake akutsika mlengalenga manja ali tambalale. Ngati shati inamvera, nanga chingwe?

Atafika kunyumba anauza Kangaude kuti wavomera.

Mwezi uja unayamba. Chikwama chinkagona kuseri kwa chitseko, Kangaude ankangoponyamo zinthu zake madzulo n'kuchinyamula m'mawa. Kamtsikana kanasanduka wapolisi wa m'nyumba. Agogo ake akangoti kunja kuli kamph, kankalumpha n'kuloza chala kuti agogo alakwa, agogo alakwa, bambo ake n'kumaseka mpaka kutsokomola. Gogo anaphunzira kumeza mawu. Ankalondolabe mwana wake mpaka pakhomo, milomo ikugwedera popanda liwu, n'kubwerera kukakhala pa bedi, manja opindika ali pa maondo.

Nasimbi ndiye ankavutika koposa, chifukwa pakamwa ungatseke, koma m'mutu mulibe chitseko. Akati asaganize za kugwa, kugwa n'kumene kunkabwera. Ankayesa kuona mwamuna wake akulowa pakhomo madzulo, akuvula nsapato, akupempha madzi osamba. Chithunzicho chinkakhala pang'ono n'kusungunuka, n'kutsala khoma lagalasi ndi kadontho kakuda kakutsetsereka. Ankadzitsina pa ntchafu kuti asiye. Anayamba kudziopa yekha ngati munthu wonyamula mpeni m'basi yodzadza. Ndipo madzulo aliwonse Kangaude ankabwera wamoyo, wonenepa nkhope, n'kumufunsa kuti waonatu? Manja a Nasimbi m'mawa ankasowa pogwira. Ankatsuka makapu otsukatsuka kale.

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Ili linanunkha.

Mwezi utatsala pang'ono kukwana, Nasimbi ankasesa m'mawa. Anafuna kukankha chikwama ndi phazi kuti asese kuseri kwa chitseko, koma chinali cholemera, ndiye anawerama n'kuchinyamula ndi manja, lina pa chogwirira, lina kunsi. Kunsiko kunali konyowa. Pamene chinakhala panatsala banga loyera pa simenti. Fungo linamulowa m'mphuno, lija loyabwa m'maso, ndipo chikhatho chinayamba kunyerenyesa. Botolo limene iye ankalimanga palokha linakhala likuyenda pamodzi ndi chingwe masiku onsewa, chogona, popanda wolikunga. Nasimbi ankadziwa zimene mankhwala aukali amachita pa nsalu. Ku ntchito kwawo nsalu yodonthezedwa imatuluka m'makina yooneka bwinobwino, ukangoikoka pang'ono imatseguka ngati pepala lonyowa.

Anaima tsache lili m'manja. Kangaude anali pa tebulo, akuuzira tiyi wa mwana kuti azizire. Akanena, ndiye kuti waitana ndi pakamwa pake, mwezi usanathe, pa tsiku limene mwamuna wake akukakwera pamwamba. Akapanda kunena, chingwe chipita momwemo. Anafunafuna mawu amene si kuitana, koma si kukhala chete.

“Abambo ake, botolo lija munalitseka bwino?”

“Wayambanso,” anatero Kangaude, osatembenuka.

“Ndimangofunsa. Kunsi kwa chikwamaku kwanyowa.”

“Ndi madzi a m'ndowa. Kwatsala timasiku tochepa, Nasimbi. Usandiitanire.”

Kamtsikana kanaloza chala kuti amayi alakwa. Gogo anayang'ana banga la pa simenti, n'kuyang'ana mpongozi wake, pakamwa pali yasa. Kangaude anawakwezera chala moseka, n'kunyamula chikwama, n'kupita akuimba mluzu m'khonde. Mawu akuti chingwe Nasimbi anali nawo pa lilime. Sanawatulutse.

Ku ntchito anasita ngati munthu wogona. Dzuwa litakwera, mayi wopinda zovala anamugwira mkono n'kumufunsa chimene wagwira, poti chikhatho chinali chitafiira, khungu likuyamba kusupuka m'mizere. Nasimbi anachiyang'ana nthawi yaitali. Chikwama chija anachigwira kamodzi kokha, kunja kwake, n'kusamba ndi sopo pomwepo. Nanga chingwe chimene chagona m'menemo? Koma akapita, apita atanyamula kugwa kuja m'mutu mwake, kukakufikitsa pafupi ndi mwini wake. Anaimika simbi, n'kuzimitsa pa khoma, n'kutuluka osatsanzika. M'basi anatseka maso n'kuyesa kuona mwamuna wake akuvula nsapato pakhomo. Nsapatozo ankaziona, koma zili zokha.

Pa nyumba yagalasi zonse zinali bwino. Anthu ankalowa ndi kutuluka, wogulitsa zipatso ankathamangitsa ntchentche, mlonda ankayasamula pa mpando wake. Nasimbi anaphimba maso ndi dzanja n'kuyang'ana kumwamba. Anaona anthu awiri olendewera, wina mbali iyi, wina kutali mbali inayo. Pa denga panalibe munthu. Aliyense anali pa chingwe chimodzi. Pambuyo pake anadzamva kuti anagawana zingwe kuti ntchito ifulumire, Wailesi atanena kuti wotsika ndi zingwe ziwiri ndiye kuti akuyembekezera kuti chimodzi chiduka.

Kangaude anali atatsika kale kufika cha m'munsi, pa msinkhu wa mitengo italiitali, atakhala pa kathabwa kake, ndowa ili m'chiuno. Nasimbi anapempha mlonda kuti amulole akwere pa denga. Mlonda anati opanda chilolezo salowa, mayi, muimbireni foni. Anaimba, koma Kangaude akakhala pa chingwe foni sayankha, lamulo limenelo anamupatsa ndi Nasimbi yemwe. Anabwerera pansi pa khoma n'kuima. Mwamuna wake ankapukuta galasi mwaulemu, kumanja, kumanzere, n'kudzitsitsa pang'ono, chingwe chikudutsa pa chitsulo cha pa lamba wake. Chigawo chilichonse chimene ankatsika chinkasiya chingwe china chatsopano pamwamba pake chitanyamula thupi lonse, ndipo Nasimbi sankadziwa kuti ponyowa paja pali pati, padutsa kale kapena pakubwera. Akanatha kukhala chete mpaka munthu atafika pansi yekha. Akanatha kumuuza kuti agwire chitsulo cha pawindo asasunthenso. Anasankha kuitana. Anamuitana ndi dzina lake lenileni, limene ngakhale mayi ake anasiya kalekale kulitchula.

Kangaude anayang'ana pansi. Atamuzindikira anaseka, mano ali mbee, n'kuponda khoma ndi mapazi onse kuti atalikire pang'ono amuone bwino, dzanja la chopukutira lili m'mwamba. Chingwe sichinalire n'komwe. Chinangoti phwi, ngati ulusi umene telala wadula ndi mano.

Anagwera pa kadenga kachitsulo ka pakhomo, kenako pansi. Ndowa inagubuduka mpaka mu msewu.

Sanafe. Kuchipatala anakhala nthawi yaitali, ndipo dokotala analankhula mosankha mawu kuti msana wathyoka pamalo poipa, za miyendo asayembekezere zambiri. Kangaude anamuuza dokotalayo kuti asatchule zimenezo pafupi ndi bedi lake. Wailesi anabwera kamodzi Kangaude atatuluka m'chipatala, anaima pakhomo osakhala pansi, n'kunena moyang'ana kudenga kuti zinthu zotere sizingochitika, pamakhala wina amene amazisunga mumtima. Sanabwerenso.

Gogo sanakalipe. Tsiku limene mwana wake anabwerera kunyumba pa mpando wa mateyala, anaitana mpongozi wake kuchipinda, n'kumugwira manja onse awiri ndi zala zake zopindika. Anawatembenuza uku ndi uku, n'kuona chipsera cha pa chikhatho.

“Ine pakamwa anandimanga,” anatero. “Koma manja awa anali omasuka, mwana wanga.”

Anawasiya pang'onopang'ono ngati akuika pansi chinthu cha eni.

Kangaude anadikira masiku ambiri asanafunse funso lake. Linali tsiku lina masana, Nasimbi akumutembenuza kuti asinthe nsalu ya pa bedi. Kangaude anamugwira mkono.

“Unkandiona ndikugwa, eti? Ndisanagwe.”

Akananama. Koma anali atatopa ndi mawu osankha.

“Tsiku lililonse.”

“Ndinadziwa,” anatero Kangaude, mopanda mkwiyo, ngati munthu amene masamu ake atuluka bwino. Za botolo sanafune kumva. Nasimbi atayamba kufotokoza, anati botolo limamvera amene walituma.

Mpaka lero Nasimbi sadziwa chimene chinadula chingwe chija, kaya ndi manja ake amene sanachigwire, kaya ndi mutu wake umene sunasiye kuchigwira, kaya ndi liwu lake pansi pa khoma. Ku ntchito anabwerera, koma shati zoyera amapatsira anzake. Chikwama chija anachitaya. Banga la pa simenti kuseri kwa chitseko likanalipo, silichoka ndi sopo.

Kangaude sanasiye kuyesa. Tsopano akuyembekezera kuti chala chachikulu cha phazi lamanja chigwedezeka. M'mawa uliwonse amati amukhazike motsamira khoma, amuvundukule mapazi, n'kumachiyang'anitsitsa monga ankayang'anira nyumba yagalasi ija, thukuta likutsika m'masaya. Mawu akuti sadzayenda ndi oletsedwa m'nyumbamo. Kamtsikana kanasiya za upolisi. Kamangodya tiyi wake msanga n'kutuluka.

Kangaude akatopa, Nasimbi amakoka kampando kaja n'kuthira mafuta m'manja. Amayambira m'chiuno, n'kumatsika mwendo wonse, dzanja ndi dzanja, maso ali kwina. Zala zake zimamva mnofu ukuchepa sabata ndi sabata, koma zimenezo sanena. M'mawa wina, atamutembenuza chammbali, zalazo zinaima m'munsi mwa msana. Panali pamalo pang'ono potentha, pofewa ngati chipatso choyamba kuvunda, khungu lisanatseguke. Kangaude sankamva kanthu pamenepo. Gogo anali pakhomo la chipinda, akuyang'ana manja a mpongozi wake osaphethira.

“Pano pakuyamba bala,” anatero Nasimbi. “Bala la pa bedi. Likapanda kusamalidwa lilowa mkati mpaka pa fupa, ndipo limapha.”

Kangaude anatembenuzira nkhope ku khoma.

“Usandiitanire, Nasimbi.”

“Ndanena kale,” anayankha.

Anapempha apongozi ake kuti akateleke madzi. Gogo anapita akukhukhuza mapazi, ketulo atayikumbatira pa chifuwa ndi mikono iwiri poti zala sizigwira. Nasimbi anatsala atakhala pa kampando, chala chili pambali pa malo otenthawo kuti asawataye, akumva mwamuna wake akunong'oneza khoma kuti palibe bala, palibe bala, palibe bala.